Chala cha Ababa

Pali anthu ena amene ntchito imawatsatira mpaka kunyumba, ndipo mmodzi mwa iwo anali mayi amene abale ake ankamutchula kuti Secha. Zaka khumi ndi zinayi anakhala ataima pageti la sitolo yaikulu, yunifomu yosita bwino, akutsegula zikwama za anthu potuluka. Anaona zambiri mayiyu: sopo m'thewera la mwana, mabatire mkati mwa buledi, agogo a mpango woyera atabisa mafuta odzola pansi pa buku la nyimbo. Munthu wotere mukamupatsa moni, amayamba wakuyang'anani m'manja asanayankhe.

Kunyumba ankakhala ndi amayi ake, omwe mutu unali utayamba kutaya zinthu. Mayina a adzukulu anali atawathawa, lero ndi lachingati osadziwa, koma chinthu chimodzi sankachiiwala, wotchi ya m'thumba ya malemu amuna awo. Ababa anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse, ndipo chimene anasiya ndi wotchi imeneyo basi. Inali yamkuwa, pachivindikiro atajambulapo sitima yofuka utsi. Inasiya kuyenda kalekale, mivi itaima pa twente pasiti folo. Mkuwawo unali utada bii ndi zaka, kupatula malo amodzi pafupi ndi kabatani kotsegulira, pamene Ababa ankagwira ndi chala chachikulu nthawi zonse akafuna kuona nthawi. Pamenepo panali powala, posalala, kukula kwake ngati nyemba imodzi. Amayi akadzuka ankaika chala chawo pomwepo n'kukhala duu, kenako ndiye kumwa tiyi. Popanda wotchiyo sankadya kanthu.

Ndiye tsiku lina inawapulumuka n'kugwera pasimenti, chivindikiro n'kuthothoka pahinji. Secha sanafune kuipereka kwa munthu amene sankamukhulupirira, koma akanatani? Woikonza analipo m'banja momwemo.

Ameneyo anali mng'ono wake, mzime wa m'nyumbamo, amene dzina loti Nadzimbiri linamukanirira chifukwa kuyambira ali mwana matumba ake ankadzaza ndi misomali yopindika ndi zitsekerero za mabotolo. Atakula sanasinthe. Anapeza kachipinda kuseri kwa shopu ya owotcherera zitsulo, n'kumagula mawotchi akufa, makiyi a zitseko zimene zinaphwasuka kale, mabatani a makini akale otaipira makalata. Timagiya ta m'mawotchi ankapangira ndolo, makiyi ankapangira mikanda, pa zipewa zazitali ankamangirira magalasi a owotcherera. Ogula ake anali achinyamata amene amakonda kuvala ngati akukhala m'nthawi ya sitima zamalasha, dziko lisanadziwe magetsi. Dzina la fashoniyo ndi lopinda lilime, ati sitimupanki. Secha ankangoti ndi kuvala za kudzala.

Koma chimene chinkamunyansa kwenikweni si chimenecho ayi. Zakale zikasowa, Nadzimbiri ankatenga mkuwa watsopano, wowala mbee, n'kuukalambitsa masiku awiri. Kwa Secha, munthu amene amadyera kusandutsa chatsopano kuti chioneke chakale ndi woyenera kumuyang'anitsitsa, kaya munabadwa naye bere limodzi.

Hinji ndi ntchito ya ola limodzi. Wotchi inatha masabata atatu. Amayi anaonda, akufunsa m'mawa, masana, madzulo, ndipo Secha akaimba foni yankho linali lomwelo: "Mawa, asisi, kawaya kake sindinakapeze." Tsiku limene inabwera, amayi anailanda ngati mwana wolanda switi, anaika chala pamalo paja n'kunena kuti, "Wabwera." Anadya mbale ziwiri. Secha anadikira kuti agone tulo ta masana, anaitenga wotchiyo n'kuinunkhiza. Inkamveka viniga. Anangosunga mumtima.

Patapita mwezi, Loweruka masana sitolo itadzaza, pamzere wotuluka panafika mtsikana wa chipewa chachitali ndi lamba wachikopa wa zomangira zisanu. Secha anatsegula chikwama chake mwachizolowezi, anapeza shampu ndi lisiti lake, anadzutsa mutu kuti amuuze apite. Pachifuwa cha mtsikanayo, pa tcheni, pankalendewera wotchi ya Ababa.

"Mwaitenga kuti iyi?"

"Ndinagula, mayi. Si ya m'sitolo muno."

"Ndakufunsani kuti mwaitenga kuti."

"Kwa mayi wina kuseri kwa owotcherera. Amaitcha Wotchi ya Ababa. Ati anapanga zisanu ndi imodzi zokha, ndinachita mwayi."

Secha anaigwira osapempha. Sitima yofuka utsi inalipo. Kupindika kwa m'mphepete kumene kunabwera Ababa atagwa panjinga kunalipo. Anadina kabatani: twente pasiti folo. Ndipo pafupi ndi kabatanipo, pamkuwa wakuda bii, panali powala ngati nyemba imodzi. Anthu apamzere anayamba kudandaula, wina n'kufuula kuti kodi mwapeza mbava kapena mukugula, koma iye sanamve. Anamusiya mtsikanayo apite.

M'minibasi popita kunyumba mutu unali pa chinthu chimodzi. Ngati ine, amene ndakula ndikuiona wotchi imeneyi, ndapusitsika pamaso pa anthu, nanga ili kunyumbayo ndi iti? Masabata atatu aja anali a chiyani? Fungo la viniga lija? Zoti amayi anailandira osakayika sizinamutonthoze. Amayi omwewo dzana anamupatsa moni munthu wodzawerenga mita ya magetsi poyesa kuti ndi mlongo wawo amene anamwalira kalekale. Galu wamkota sakandira pachabe, anadziuza yekha, ndipo atafika kunyumba anaiyang'ana wotchiyo m'manja mwa amayi ngati akuyang'ana mlendo wokhala pampando wa Ababa.

Koma Secha sanali wothamangira kukuwa. Pageti anaphunzira kuti wakuba ukamufunsa mokalipa amauma pakamwa, ukamuseketsa amadziulula yekha. Lolemba ataweruka anagula mabisiketi n'kupita kwa mng'ono wake ngati wongodutsa.

Kachipindako kanali kothina, konunkha viniga ndi mazira. Pakhoma panali zipewa, magolovesi achikopa osokerera timagiya, zibangili za makiyi. Pathebulo mabotolo a jamu odzaza tizitsulo, aliyense ndi mtundu wake. Pakona, Secha anaona chinthu chimene sichinalipo kale: makini opukutira zitsulo, atsopano, waya wake akadali ndi pulasitiki. Ndipo pamsomali, pamwamba pa zenera, pankalendewera wotchi ina ya Ababa.

"Asisi! Mvula igwa lero," anatero Nadzimbiri akuvula magalasi, manja ali bii. "Khalani apa, koma chotsani kaye chipewacho, chili ndi mwini wake."

"Ndimangodutsa. Nanga iyo?"

Nadzimbiri anayang'ana pamsomali n'kuseka mwamanyazi. "Ii, mwaiona. Ndimafuna kukuuzani, koma ndimadziwa kuti mukalipa. Itabwera kuno ndinaiyang'ana usiku ndi usana, ndinati chinthu chokongola chonchi chizingokhala m'chipinda? Ndinadinda chivindikiro chake padongo n'kupanga chikombole. Zisanu zapita, yatsala imeneyo. Sindikufuna kuigulitsa."

"Ndiye masabata atatu aja."

"Eya, pepani. Kawaya ndinali nako tsiku loyamba lomwe."

Secha anamwetulira, mkati akuti: bodza loyamba ilo, walivomera wekha. "Koma ndiwe katswiri. Umachita bwanji kuti ide chonchi?"

Munthu ukamuyamikira ntchito yake amamasuka ngati mpopi. Nadzimbiri anatsegula kontena yapulasitiki, fungo la mazira owiritsa n'kubuka. Anafotokoza kuti amaphwanya mazira akadali otentha, n'kutsekera mkuwa momwemo, mpweya wake ndi umene umadetsa. Pena amapachika chitsulo pamwamba pa viniga ndi mchere. Pepala la manambala amaliviika mu tiyi kuti lifiire.

"Nanga pachala paja?"

"Pamenepo ndiye panandivuta. Ndimakulunga kansalu kuchala changa, n'kumatikita pang'onopang'ono mpaka pawale. Yoyamba ndinaibwereza kanayi. Ubwino wake kuda kwangaku n'kwa pakhungu chabe, asisi. Ndimu ndi mchere, kamphindi kamodzi kwachoka, n'kuyambiranso."

Secha anawameza mawu amenewo n'kuwasunga bwino.

"Ndipo mukudziwa?" Nadzimbiri anapitiriza akutafuna bisiketi. "Kunabwera bambo wina wosonkhanitsa zinthu zakale, wa galimoto yaitali. Anaona yeniyeniyo pathebulopa, maso anachita kutuluka. Anabwera katatu kundinyengerera."

"Ndiye unatani?"

"Aa, asisi, funso lanji limenelo?"

Pomwepo panalowa mnyamata wa ndevu zopota kudzatenga chipewa chake, nkhani n'kuduka. Secha anatsanzika. Potuluka anayang'ananso makini atsopano aja, ndipo kwa iye mlandu unali utatha: bambo wa galimoto yaitali, makini atsopanowo, masabata atatu, viniga. Funso lanji limenelo, ati. Limenelo si yankho. Pageti anthu onse amene ankati "mukundiyesa wakuba ine?" ankapezeka ndi kanthu m'sokosi.

Zinamuwawa, tisaname. Sanali kukondwa kuti wagwira mbava. Ankakumbukira mmene ankamuberekera Nadzimbiri kumsana popita kuchipatala, ndipo akaganiza kuti mwana yemweyo wagulitsa chala cha Ababa n'kuwapatsa amayi chidole, chakudya chinkamukanika. Masiku atatu ankadzuka, kupita kuntchito, kubwera, osalankhula ndi munthu. Chimene chinatsala ndi umboni wogwirika, woti akauponye pathebulo.

Lachisanu anali pa ofu. Amayi atadya masana anagona pampando wawo, wotchi ili pamiyendo. Secha anaisolola mwakachetechete n'kupita nayo kusinki. Anadula ndimu, anathira mchere pambale, anaviika kansalu. Anayamba kumbuyo, malo aang'ono. Anatikita kamodzi, kawiri, n'kuyang'ana kansaluko. Kanali bii. Pamkuwa panatuluka kuwala kwachikasu.

"Ndinanena ine!" analankhula yekha mokweza, mpaka anadzigwira pakamwa.

Apa ndiye ukali unamugwira. Akanalekera pomwepo, koma ayi. Anafuna kuti bodza lonse livulidwe, lionekere poyera. Anatikita kumbuyo konse, m'mphepete, pasitima, pautsi wake, kuzungulira kabatani. Anawonjezera phulusa la pambaula. Pamene ankamaliza, wotchi inali mbee ngati yochokera m'sitolo dzulo, ndipo kanyemba kowala kaja kanasowa, chifukwa paliponse panali powala chimodzimodzi. Anaikulunga m'kampango, anapempha mayi woyandikana nawo nyumba kuti aziwasuzumira amayi, n'kuthamangira kukakwera minibasi.

Anamupeza Nadzimbiri akumangirira magalasi pachipewa. Sanapereke moni. Anamasula kampango n'kuiika wotchiyo pathebulo mwamphamvu, mabotolo a jamu n'kulira.

"Ndimu ndi mchere, kamphindi kamodzi. Si mmene unanenera? Ndiuze kumene ili ya Ababa."

Nadzimbiri anayang'ana chinthu chowalacho osachizindikira. Kenako anaona hinji imene anakonza yekha. Anaika singano pansi pang'onopang'ono.

"Asisi, mwatani?"

"Usandifunse ine. Wagulitsa kwa bambo wa galimoto uja. Makini awo ndi umboni. Amayi ako enieni, odwala mutu, kuwapatsa chidole chonunkha mazira! Ulibe manyazi?"

"Mayo ine," anatero Nadzimbiri, mawu ali pansipansi. "Mayo ine, asisi, mwaitsuka."

"Ndaitsuka, ndipo utoto wako wachoka wonse."

"Ndimu sasankha! Kuda kwa masiku awiri, kuda kwa zaka makumi asanu, amachotsa chimodzimodzi. Mkuwa ndi mkuwa. Bwanji osandifunsa?"

"Ndikufunse iwe? Kuti undinamizenso ngati za kawaya?"

Nadzimbiri anaimirira. Misozi inali itayamba kale kutsika, koma manja ake ankadziwa ntchito. Anakwera pampando n'kutsitsa wotchi ya pamsomali, anaika ziwirizo pamodzi, yakuda ndi yowala. Anatenga kampeni kopyapyala, analowetsa nsonga m'mphepete mwa yakudayo, kumbuyo kwake n'kutseguka. Secha sankadziwa n'komwe kuti kumbuyo kumatseguka. Mkatimo munalibe kanthu, kachitsulo kozungulira kokha komatidwa ndi guluu kuti wotchi ilemere.

"Yanga ndi imeneyi. Kunja ndimatha, mkati sindingathe."

Anatsegula yowala ija. Munali timagiya tothithikana, tina tofiira ndi dzimbiri, ndi kafungo ka mafuta akale.

"Zimenezo ukhoza kuikamo," anatero Secha, koma mawu anali atayamba kuchepa. "Uli nazo zodzaza mabotolo."

"Ndikhoza. Gwirani ichi." Anamupatsa kagalasi koika padiso. "Yang'anani kuseri kwa chitsekocho. Okonza mawotchi ali ndi mwambo wawo. Aliyense akaikonza amalemba ndi nsonga ya singano tsiku ndi chimene anapeza, kuti wodzaitsegula pambuyo pake adziwe. Mwiniwake saona n'komwe. Werengani."

Secha anaika kagalasiko padiso n'kuwerama. Poyamba anangoona mikwingwirima. Kenako zinaoneka: timizere tisanu ndi kamodzi, tating'ono ngati mapazi a nyerere, kalikonse dzanja lake. Kena kanati sipuling'i. Kena galasi. Kotsiriza, kowala, kanali ka Nadzimbiri, hinji. Koma diso lake linakakamira pa kachiwiri. Panali mwezi ndi chaka, ndipo pambali pake mawu atatu: madzi a sopo.

Chaka chimenecho Secha anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Nadzimbiri anali asanabadwe. Tsiku lina Ababa akusamba, iye anasolola wotchi m'jekete kuti aimvere kugunda kwake uku akutsuka mbale, ndipo inagwera m'beseni. Ababa anaivuula, anamuyang'ana mwana wawoyo, n'kunena kuti, "Amayi ako tiwauza kuti ndi mvula." Anawauzadi choncho. Nkhani imeneyo anaidziwa anthu awiri okha, ndipo mmodzi anapita nayo kumanda.

Anachotsa kagalasi padiso. Anafuna pokhala, anakhala pa bokosi la makiyi.

"Makiniwo ndi a owotcherera," anatero Nadzimbiri akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, n'kudzipaka zakuda kumaso. "Kwawo kukudontha, anandisungitsa. Bambo wa galimoto uja ndinamuthamangitsa, funsani aliyense pano. Ndinalakwa kupanga zinazi osakuuzani, ndinalakwa kuwasunga amayi masabata atatu, zimenezo ndikuvomera. Koma kugulitsa? Ine? Mwakhala mukundiona choncho zaka zonsezi?"

Yankho linali eya, ndipo Secha ankalidziwa. Anatenga wotchi yowalayo n'kuitembenuza, akufunafuna pafupi ndi kabatani ngati kuti mwina pena patsala. Panalibe. Zaka makumi anayi za chala cha Ababa, ndi zaka khumi ndi ziwiri za chala cha amayi pamwamba pake, anazichotsa yekha pasinki ndi ndimu wa theka. Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu, koma phula ndi pang'ono.

"Ungaibwezeretse?" anafunsa potsiriza, osamuyang'ana.

"Kuidetsa ndingaidetse. Mundipatse sabata, ifanana ndithu, palibe angadziwe." Nadzimbiri anayang'ana zala zake zakuda. "Koma chala chidzakhala changa, asisi."

Panja owotcherera ankagogoda chitsulo. Foni ya Secha inalira. Anali mayi woyandikana nawo uja: amayi adzuka, akugwetsa makushoni, akufuna wotchi, akulira.

Nadzimbiri anatseka kumbuyo kwa mawotchi onse awiri. Anatenga yakuda ija, yopanda kanthu mkati, n'kuikankhira kwa mkulu wake. "Tengani. Sangathe sabata ina osadya."

"Ayi. Sindingawanamize amayi."

"Tengani basi. Mukaona konko."

Secha anaiponya m'chikwama mosafuna, anakulunganso yowala ija m'kampango, n'kutuluka osatsanzika.

Anawapeza amayi ataima pakati pa balaza, mpango utagwa, makushoni ali mbwee pansi. Secha anawakhazika pampando, anagwada, anamasula kampango n'kuwaika wotchi yeniyeni m'manja. "Nayi, amayi. Ndinangoitsuka."

Amayi anaiyang'ana. Anaitembenuza. Chala chawo chinayendayenda pachivindikiro ngati munthu wofufuza swichi mumdima, osapeza poima.

"Iyi ndi ya ndani?"

"Ndi ya Ababa, amayi. Onani sitima. Onani apa pamene inapindika."

"Usandipusitse iwe." Anaikankha, ikanagwanso pasimenti Secha akanapanda kuiwakha. "Ya bambo ako ndi yakuda. Waipititsa kuti? Wagulitsa? Ndimakuona ine, umangoyang'ana zinthu za anthu, tsiku lonse manja m'zikwama za eni ake. Bweretsa wotchi ya amuna anga, wakuba iwe!"

Mayi woyandikana nawo, amene anali ataima pakhomo, anayang'ana pansi n'kubwerera kwawo mwakachetechete. Secha anakhalabe chogwada. Zaka khumi ndi zinayi mawu amenewo ankatuluka m'kamwa mwake kupita kwa ena, ndipo sankadziwa kuti amalasa chonchi. Anayesanso kufotokoza za ndimu, za kagalasi, za madzi a sopo, koma amayi anali atatseka maso akugwedeza mutu, akuitana dzina la amuna awo.

Anadzuka. Anapita pamene anaponya chikwama, anachitsegula monga amatsegulira za anthu ena, n'kutulutsa ya Nadzimbiri.

"Pepani, amayi. Ndinasokoneza. Yanu ndi iyi."

Amayi anatsegula maso. Anailandira ndi manja awiri, chala n'kupita chokha pa kanyemba kowala kamene Nadzimbiri anatikita ndi kansalu. Mapewa awo anatsika. Anapuma mpweya wautali.

"Eya, iyi ndiye," anatero. Anamuyang'ana mwana wawo mwaukali pang'ono, koma akumwetulira. "Ine sungandinamize. Chala cha bambo ako ndimachidziwa. Pita ukanditenthetsere tiyi."

Secha anapita kukhitchini. Theka la ndimu linali pomwe analisiya, pambali pa kansalu kakuda bii. Anatenga kansaluko kuti akataye, anafika pa bini, n'kuima. Anakayang'ana nthawi yaitali, chifukwa zonse zimene anachotsa pawotchi zinali mmenemo. Anakapinda bwinobwino, anakulungamo wotchi yowala ija, n'kuika m'thumba la diresi. Kenako anateleka madzi a tiyi.